Tikafuna kugona m'phiri la Ntchisi tigogode khomo liti?

Chaka chatha, nthawi ya chisanu, ine ndi anzanga asanu tidapangana zokagona masiku awiri paphiri lina kuno kuchigawo chapakati. Tonse ndife anthu a ntchito za m'tauni: aphunzitsi awiri, namwino, wogulitsa zitsulo za galimoto, telala ndi ine. Tidasonkherana ndalama, tidabwereka matenti awiri, tidagula ufa, usipa, tomato ndi mabatire a tochi. Zonse zili m'chimake, telala uja, munthu woopa milandu kuyambira tili kusukulu, adaponya funso pagulu lathu la WhatsApp: "Kodi akuluakulu, chilolezo chogona kumeneko tatenga?"

Ntchito yofufuza idagwera ine. Ndidaimbira foni munthu wina amene ndinkaganiza kuti adziwa, iye adandipatsa nambala ya mnzake, mnzakeyo n'kundiuza kuti nkhani yotere njofunika kalata. Kalata ndidalemba, ndidakwera minibasi kukaisiya ku ofesi ina imene sindiitchula dzina pano. Kumeneko adandilandira bwino, mpando adandipatsa, koma abwana oyenera kusaina adali atapita kumsonkhano. Nditafunsa za mtengo, bambo wina adati palibe cholipira. Mayi wa patebulo loyandikana nalo adati cholipira chilipo, kungoti buku la malisiti lidatha. "Mudzabwerenso Lachinayi, achimwene," adatero mayiwo mwaulemu. Lachinayi lakelo abwana adali kumaliro.

Tsiku la ulendo lidakwana yankho lisanabwere. Tidapita chomwecho, mitima ili phaphapha. Usiku woyamba, titangolowa m'matenti, tidamva nkhwangwa ikulira kumunsi kwa khwawa, ndipo idalira mpaka tambala woyamba. M'mawa tidaona utsi wa uvuni wa makala ukufuka pakati pa mitengo. Apa mpamene zidandiwawa. Ife amene tidayenda mtunda ndi ndalama m'manja kufuna kulipira tidagona ngati akuba, kudzidzimuka ndi tsamba lililonse logwa, pomwe mnzathu wa nkhwangwa ankagwira ntchito yake mosatekeseka ngati ali m'munda wa agogo ake.

Chichitikireni zimenezi, ndakhala ndikufunsa anzanga okonda kukwera mapiri funso limodzi: munthu akafuna kugona m'tenti m'nkhalango ya Ntchisi, ya Kongwe kapena ya Dowa Hills, ayambire kuti? Mayankho ake amasiyana ngati zala. Wina amati ukauze amfumu. Wina amati upite kwa a zankhalango paboma. Wina amati udzere kumalo ogona alendo, akakupezera woperekeza. Ambiri amangoseka: "Umangopita basi, akufunsa ndani?" Anthu ofuna kutsata lamulo akamapereka mayankho anayi pafunso limodzi, ndiye kuti pali chosowa. Ganizo langa ndi lakuti nkhalango za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi zikhale ndi chilolezo chogonera chimodzi, chodziwika kotenga, mtengo wake wolembedwa poyera, chotheka kulipira pafoni, ndipo gawo la ndalama zake lizitsala m'midzi yozungulira phiri.

Amene simunafikeko, dziwani kuti phiri la Ntchisi ndi amodzi mwa malo ochepa m'chigawo chapakati momwe mudatsala nkhalango yowirira yosayoyola masamba chaka chonse. Mitengo yake njaitali, zilambe zili lendelende, ndipo pansi pamakhala chinyontho ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo kumidzi. Nchima zimalumpha m'nthambi, mbalame ndi agulugufe ndiye osanena. M'munsi mwake muli mitengo ya mombo, tsamba, mtondo ndi misuku, momwe mvula ikagwa mumatuluka bowa. Kukacha bwino, ukaima cha kum'mawa kwa phirili umaona nyanja ili nyezinyezi kumunsi. Mitsinje yochokera m'mapiri amenewa ndi imene imatsika kukathira m'thamanda la Chia ku Nkhotakota, kutanthauza kuti msodzi wa kumeneko naye ali ndi gawo pa mtengo uliwonse wogwa ku Ntchisi.

Boma la atsamunda lidaika nkhalangoyi m'gulu la zotetezedwa mu 1924. Akuluakulu amasimba kuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'menemo pothawa nkhondo za Angoni. Nyumba imene lero ndi Ntchisi Forest Lodge idamangidwa mu 1914 kuti DC wachizungu azikapumako pothawa kutentha kwa kunyanja. Mukaona mbiri imeneyi muzindikira chinthu chimodzi: kwa zaka zambiri, wokagona kuphiri pongofuna kupitidwa mphepo adali mzungu kapena bwana wa boma. Wotereyu sankasowa fomu. Ankangotuma mesenjala, kapena masiku ano amangoimbira foni kumalo ogona alendo, zonse n'kukonzeka.

Zinthu zasintha tsopano. Loweruka lililonse mukatsegula Facebook mupeza achinyamata a ku Lilongwe ali pamwamba pa phiri la Nkhoma, la Bunda kapena la Dedza, atavala masikipa ofanana. Akatopa ndi maulendo a tsiku limodzi amayamba kufuna kugona komweko, ndipo Dowa ndi Ntchisi ndi pakhomo: kuchoka ku Lilongwe ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu. Onjezeranipo makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, ma Scout, ndi magulu a mapemphero amene akhala akuchezera m'mapiri kuyambira kale. Amene adaphunzira ku Robert Blake akudziwa momwe phiri la Kongwe limakopera mwana wa sukulu. Anthu onsewa si alendo ochokera kunja okhala ndi madola. Ndi ana athu omwe, oyenda paminibasi ndi pakabaza, ndipo ndi amene akusowa khomo logogoda.

Wina anganene kuti ngati palibe wofunsa, tikuvutikiranji? Lamulo lilipo, abale. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe Nyumba ya Malamulo idalikonzanso mu 2020 n'kuonjezera zilango, limaletsa kudula mitengo, kulima, kudyetsa ziweto, kumanga kapena kukhala m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Kuyatsa moto mwachisawawa m'menemo ndi mlandunso. Malo osungirako nyama zakutchire, monga Kasungu ndi Nkhotakota, ali ndi lamulo lawolawo la 1992, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ina ya boma. Munthu wamba sasiyanitsa kuti apa ndi pa a zankhalango, apo ndi pa a zanyama, uko ndi kwa amfumu. Kwa iye lonse ndi tchire. Koma akalakwitsa, bwalo la milandu silimva zoti sankadziwa.

Taganizirani mlonda wa nkhalango amene akuyendera dera lake usiku. Wapeza anthu asanu ndi mmodzi ali ndi chikwanje, mphika ndi moto m'katikati mwa nkhalango. Adziwa bwanji kuti awa ndi aphunzitsi a ku Mponela odzapuma, osati otchera misampha kapena ocheka matabwa? Pepala palibe, buku loti aonemo maina palibe. Zikatero zotsatira zake ndi ziwiri. Mwina awagwira anthu osalakwa n'kuwaonongera tchuthi ndi mbiri yomwe. Mwina akambirana "za fanta", kangachepe n'kulowa m'thumba, boma osaona ngakhale tambala imodzi. Ziphuphu zambiri m'dziko muno zimamera pamalo otere, pamene lamulo likuti usachite popanda chilolezo koma njira yopezera chilolezocho ili mumdima. Mlonda wachilungamo naye amavutika, chifukwa alibe poimira.

Ndikudziwa kuti ena mawu akuti chilolezo amawanyansa. Mnzanga wina wa kwa Nthondo adandifunsa mokwiya: "Makolo anga adabisala m'phiri limenelo, mizimu yawo ili momwemo, lero ndikapemphe kwa kalaliki kuti ndikagonemo?" Funso lake ndi lomveka, ndipo lili ndi mbiri kumbuyo kwake, poti nkhalango zambiri zotetezedwa zidadulidwa malire eni nthaka osafunsidwa mokwanira. Koma tiyeni tione chimene chilolezo chabwino chimachita, kenaka tiweruze.

Choyamba ndi moyo wa munthu. Chilolezo chenicheni ndi uthenga wakuti anthu akutiakuti alowa tsiku lakuti, adzera njira yakuti, atuluka tsiku lakuti, ndipo akapanda kutuluka muimbire nambala iyi. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adasowa paphiri la Mulanje atasiyana ndi womuperekeza n'kulunjika yekha ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Adamufunafuna kwa masabata oposa awiri, ndipo adamupeza atamwalira. Iyeyu anthu ankadziwa kuti ali kuphiri, n'chifukwa chake adayamba kumusaka. Nanga amene walowa osauza munthu aliyense?

Zoona, phiri la Ntchisi si Sapitwa. Koma m'nkhalango yowirira nkhungu ikatsika, mitengo yonse imaoneka yofanana, ndipo netiweki ya foni imathera m'makwawa. Mwala woterera umodzi ndi wokwana kuthyola mwendo. Njoka zilipo, njuchi zilipo, ndipo nthawi ya dzinja kamtsinje kamene mudaoloka m'mawa madzi akulekeza m'mapazi kamatha kudzaza madzulo. Gulu likachedwa kutuluka, kusiyana kwa kuyamba kulifuna Lamlungu madzulo ndi kuyamba Lachitatu, abale atadabwa kuti foni siikugwira, ndi kusiyana kwa chipatala ndi manda.

Chachiwiri ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, udzu wa m'mapiri a Dowa umakhala ngati wothiridwa parafini. Timakonda kuloza chala osaka mbewa ndi ofula uchi, koma chitsa chimodzi chosiyidwa chikunyeka ndi anthu a m'tauni amene aphika tiyi n'kunyamuka chingapsereze phiri lonse. Nkhalango yowirira ngati ya Ntchisi imatha pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete: moto wa chaka chino umapha mitengo ing'onoing'ono ya m'malire, wa chaka chamawa n'kulowa m'kati pang'ono. Munthu akamatenga chilolezo ndi pamene amauzidwa kuti mwezi uno moto wa nkhuni ayi, kapena kuti muyatse pamalo akutiakuti pokha. Ndipo moto ukabuka, buku limaonetsa amene adagona dera limenelo usiku umenewo. Munthu amene dzina lake lalembedwa amazimitsa moto ndi madzi, sangoufotsera ndi phazi.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa anthu. Kamalo ka pafupi ndi kasupe kangalandire matenti atatu osaonongeka. Mukaikapo matenti 30 Loweruka lililonse, pakutha pa chaka pakhala dothi lokhalokha, majumbo, mabotolo ndi fungo la kutchire, ndipo madzi amenewo akumwa anthu kumunsi. Maiko ena adaphunzira izi mowawa. Ku Peru, njira yotchuka ya Inca Trail yopita ku Machu Picchu imalola anthu 500 okha patsiku, kuwerengera operekeza ndi onyamula katundu omwe. Ku South Africa, njira ya Otter Trail, ya masiku asanu, amayamba anthu 12 okha patsiku, ndipo malo amatha miyezi yambiri ulendo usanafike. Ku America, ofuna kugona m'kati mwa Grand Canyon amachita kulowa m'mayere pa intaneti kudzera pa Recreation.gov.

Sindikunena kuti titengere zonsezi. Mayere a pa intaneti ofuna khadi la kubanki angathandize mlendo wa ku London n'kutsekera kunja mphunzitsi wa ku Malomo amene ali ndi kafoni ka mabatani. Ifenso sitinafike poti anthu n'kumalimbirana malo m'nkhalango ya Kongwe. Chitsanzo chotiyenera kwambiri ndi cha kumapiri a Drakensberg ku South Africa komweko, kumene wokagona kuphiri amalipira pageti n'kulemba m'buku dzina lake, njira yake ndi tsiku lobwerera, ndipo akatsika amasainanso. Buku, cholembera ndi munthu wokhulupirika. Zimenezi sizifuna thandizo la maiko akunja. Chofunika ndi kuyamba kuwerenga anthu lero, akadali ochepa, kuti tsiku lodzaika malire likadzafika tidzakhale ndi manambala enieni.

Chachinayi, chimene kwa ine ndi chachikulu, ndi ndalama ndi kumene zimapita. Amene akudula mitengo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi si zilombo. Ndi anthu ofuna fizi ya mwana, feteleza ndi mchere, ndipo makala awo timagula ndife a m'tauni. Ena amagwetsa mtengo wathunthu pofuna matondo a tsiku limodzi. Mungawalalikire za kusintha kwa nyengo mpaka mawu kusasa, koma mtengo woimirira ukapanda kuwapatsa kanthu, mtengo wogwa udzapambana nthawi zonse. Ku Dzalanyama boma lidafika potumiza asilikali a nkhondo kukalondera nkhalango, komabe njinga za makala sizidaleke kulowa mu Lilongwe. Mfuti imaopseza usiku umodzi. Chimene chimasunga nkhalango zaka zambiri ndi mudzi umene ukuona phindu lake.

Gulu la anthu asanu ndi mmodzi logona masiku awiri limafuna woperekeza, mwina ndi wonyamula katundu. Limagula nkhuku, mbatata, nthochi ndi uchi pamudzi wa patsinde pa phiri. Limalipira wolondera galimoto. Mnyamata amene wapeza ndalama ya sabata yonse poperekeza alendo Loweruka ndi Lamlungu sangasekerere mnzake akutentha malo amene iye amadyerapo. Koma zonsezi zimayenda bwino pokhapokha pali khomo limodzi lodziwika limene alendo amadzera. Alendo ozemba amagula zonse ku Lilongwe, amalowera kumbali, ndipo mudzi umangotsala ndi zinyalala zawo.

Zitsanzo sitichita kukazifuna kutali. Ku Mulanje, wokwera phiri amadziwa kuti akafika pa Likhubula apeza ofesi, alipira, apeza operekeza ndi onyamula katundu, ndipo pamwamba pali tinyumba togona monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo tokhala ndi alonda ake. Sikuti zonse kumeneko ndi zangwiro, mikungudza idatha anthu akuona, koma mlendo sasowa poyambira, ndipo mabanja ambiri a m'munsi mwa phirilo amadya kuchokera m'ntchito imeneyi. Kumpoto kwa phiri la Ntchisi, malo osungirako nyama a Nkhotakota akhala m'manja mwa African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 adalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kumeneko pali geti, pali mtengo wodziwika, pali lisiti, ndipo suyenda wapansi popanda mlonda. Wa ku Ntchisi akafuna kuphunzira momwe geti limayendera, ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita n'kubwera.

Tsono chilolezo chimene ndikunenachi chioneke bwanji? Chikhale tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pakhale maina a onse a m'gulu, nambala ya foni ya mtsogoleri, nambala ya mbale wotsala kunyumba, tsiku lolowa, tsiku lotuluka, malo ogona ndi dzina la woperekeza. Kuseri kwake kukhale malamulo osapitirira khumi, olembedwa m'mawu oti mwana wa Sitandade 6 amve. Kalata yopempha, chidindo cha abwana ndi "mudzabwerenso Lachinayi" zichoke. Munthu wopita kukagona kuphiri masiku awiri sakupempha malo omangapo fakitale.

Mtengo ulembedwe pachikwangwani pamalo olowera, pa ofesi ya khonsolo, ndi pa intaneti. Ukhale wosiyana: wa Mmalawi, wa mwana wa sukulu, ndi wa mlendo wochokera kunja, monga zilili kale m'malo osungirako nyama. Wa Mmalawi usapose ndalama imene munthu amalipira paminibasi kuti afike kumeneko, apo ayi anthu abwerera ku njira yozemba. Anthu a m'midzi yochita malire ndi nkhalango, akafuna kukagona kuphiri pa zamapemphero kapena za miyambo, azingolembetsa m'buku osalipira kanthu. Apa ndiye payankhidwa funso la mnzanga wa kwa Nthondo uja: mwini mudzi salipira kuti alowe kwawo, koma amatsanzika kuti akasowa anthu adziwe kolowera.

Kulipira kukhale kwa pafoni, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ku nambala imodzi yodziwika, ndipo uthenga wobwera pafoniwo ukhale lisiti. Ngati mayi wogulitsa tomato pa Mponela amalandira ndalama pafoni, boma lingalephere bwanji? Njira imeneyi imathetsa nkhani ya buku la malisiti lotha, imachotsa ndalama m'manja mwa mlonda, ndipo imagwira ntchito Loweruka ndi patchuthi, masiku amene anthu amapitadi kumapiri koma maofesi ali otseka. Buku lolembamo maina likhale pamudzi wa polowera, m'manja mwa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo. Lamulo la 1997 lija limalola kale kuti boma ndi midzi azisamalira nkhalango mogwirizana, choncho sitikupempha chachilendo.

Malo ogona asankhidwe ochepa, awiri kapena atatu m'nkhalango iliyonse, otalikirako ndi akasupe, okhala ndi chimbudzi chokumba ndi mafuwa okhazikika. Posankha malowa mafumu akhalepo, chifukwa Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa Gule Wamkulu. Kuli manda, kuli madambwe, kuli malo amene mlendo sayenera kupondako, ndipo mapu a pafoni sangakuuzeni zimenezi. Safunsa adadya phula. Ichi n'chifukwa china chimene ndikuti gulu lililonse logona litenge woperekeza wa m'deralo, ndipo operekezawo aziyenda mosinthana potsata mndandanda, kuopa kuti ntchito yonse ingamagwere mphwake wa amfumu yekha.

Pali zoopsa ziwiri zimene sindingazibise. Choyamba, ndalama zikangopita zonse ku thumba lalikulu la boma, lija timati Account Number One, mudzi sudzaziona, ndipo chilolezo chidzasanduka msonkho wina wodana nawo. Gawo la mudzi lidziwike kuyambira tsiku loyamba, ndipo miyezi itatu iliyonse papachikidwe pepala pabwalo la amfumu kapena pasukulu: alendo adabwera angati, ndalama zidalowa zingati, zagwira ntchito yanji. Makomiti a m'midzi nawo si angelo, tawaona ena akudya za mjigo ndi za mlatho. Mankhwala ake ndi omwewo, kuika manambala poyera kuti aliyense wodziwa kuwerenga awerenge.

Choopsa chachiwiri ndi chakuti tikhoza kukonza khomo la alendo n'kuiwala mayi wotola nkhuni zouma, bowa kapena masuku. Zikadzafika poti wa m'tauni wovala nsapato zodula akulowa momasuka ndi uthenga wa pafoni, pomwe mayi wa patsinde pa phiri akuthamangitsidwa ndi mtolo pamutu, nkhalangoyo idzapsa ndithu, ndipo sipadzapezeka mboni. Chilolezo cha alendo chiyendere limodzi ndi dongosolo lomveka la zimene eni dera amaloledwa kutenga, masiku ake ndi malo ake. Onse awiri akufuna chinthu chimodzi: kudziwa chololedwa ndi choletsedwa popanda kudalira nkhope ya mlonda wa tsikulo.

Nafenso okwera mapiri tili ndi mbali yathu, ndipo tisadikire fomu kuti tiyambe. Musanapite, imbani kapena pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma limene kuli phirilo, ndipo lembani dzina la amene mwayankhula naye ndi tsiku lake. Mukafika, yambani mwaonekera kwa amfumu a polowera. Tengani woperekeza ndipo mulipireni zimene mwagwirizana, osayamba kunenerera mutatsika. Siyani kunyumba uthenga wa njira yanu ndi tsiku lobwerera. Nyamulani kambaula ka gasi ngati mungathe. Chilichonse chimene mwakwera nacho mutsike nacho, kuphatikizapo mabotolo ndi majumbo. Zokuzira mawu zisiyeni ku Lilongwe. Mlendo ndi mame, koma mame sasiya zinyalala.

Amene angayambitse zimenezi akudziwika: nthambi ya zankhalango, makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, mafumu a m'mphepete mwa nkhalangozi, ndi eni malo ogona alendo amene akhala akuperekeza anthu m'njira zimenezi kwa zaka. Sipakufunika msonkhano wa kunyanja wa masiku asanu wokhala ndi maalawansi. Mutu umodzi susenza denga, koma denga ili ndi laling'ono: anthu khumi pansi pa mtengo, tsiku limodzi, angagwirizane za fomu, mtengo, malo ogona ndi gawo la mudzi. Ayambe ndi nkhalango imodzi, ya Ntchisi, ayese chaka chimodzi, awerenge alendo ndi ndalama, akonze polakwika, kenaka apite ku Kongwe ndi ku Dowa Hills. Aphungu ndi makhansala a madera amenewa, amene amakonda kunena za ntchito za achinyamata pamisonkhano, nayi ntchito yosafuna ngongole.

Gulu lathu lija likufuna kupitanso chisanu chikubwerachi, ndipo ulendo uno maso ali pa Ntchisi. Telala wanena kale kuti popanda pepala iye sakwera, akuti sangasiye makina ake n'kukagona m'chitokosi chifukwa cha kupitidwa mphepo. Namwino akuti tingopita monga tidachitira paja. Ine ndili pakati, ndalama ya chilolezo ndaika padera mu envelopu. Ndi yochepa, singamange sukulu, koma ingalipire woperekeza, ingagule nkhuku pamudzi, ndipo kotsalako kangalowe m'buku la komiti. Ndikungofuna wina andiuze, momveka ndiponso poyera, kuti ndikaipereke kwa yani.